Njinga Yamoto ku Matero: Kusankha, Mapepala ndi Kasamalidwe

Njinga yamoto ya injini yaing'ono, ya 100cc, 125cc kapena 150cc, yasanduka chida cha ntchito m'makomboni a Lusaka. Ku Matero, komboni imene inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito mumzindawu pa nthawi ya atsamunda, njinga zotere zimaoneka m'mawa uliwonse pamsewu wa Commonwealth ndi wa Lumumba. Ina yasenza bokosi la phukusi limene munthu waitanitsa pafoni kudzera pa Yango, ina yamangirira katundu wa pakantemba wochokera ku Soweto Market, ina yakweza pulambala ndi zida zake paulendo wa ku Lilanda kapena ku George. Chimene chimakopa anthu n'chodziwika. Lita imodzi ya petulo imayendetsa njinga yotere makilomita 40 kapena kuposerapo, ndipo maminibasi akathithikana polowa m'tauni, njinga imapeza podutsa.

Komabe mtengo wolembedwa pashopu ndi gawo chabe la ndalama zimene njinga idzadye pa moyo wake. Zotsalazo zimatuluka pang'onopang'ono: oyilo, tcheni, matayala, mapepala a boma, ndi masiku amene njinga yaima kudikira sipeya mwini wake osapeza kanthu. Wogula wanzeru amayamba wafunsa kuti njingayo izikakonzedwa kuti, ndi ndani, ndiponso ndi masipeya ochokera kuti. Nkhani ino yatsamira pa funso limeneli.

Njinga zimene zadzaza m'misewu ya Lusaka ndi za makampani a maiko atatu. A ku India amatumiza Bajaj Boxer, ya BM100 ndi BM150, ndiponso TVS HLX ya 100, 125 ndi 150. Izi anazipangira misewu yokumbika ndi katundu wolemera: mpando wake ndi wautali, keriya yakumbuyo ndi yachitsulo chochindikala, ndipo injini imakoka bwino ngakhale pa liwiro lochepa. A ku Japan ali ndi Honda Ace 125 ndi Yamaha YBR125 za m'tauni, komanso Yamaha AG200 ndi DT125, zija alangizi a zaulimi ndi azaumoyo akhala akuyendera kumidzi kwa zaka zambiri. N'zolimba, koma mtengo wake ndi wa masipeya ake ndi wokwera. A ku China amabweretsa Haojue, Lifan ndi maina ena ambirimbiri, ndipo kawirikawiri ndizo zotsika mtengo. Pakati pa za ku China pali zabwino ndithu. Palinso zimene zimabwera kontena imodzi, dzina lake n'kuzimiririka, mwini njinga n'kutsala akuzungulira mashopu a m'tauni ndi sipeya yakutha m'manja.

Mbiri ya injini imodzi imathandiza kumvetsa nkhani yonseyi. Mu 1975 kampani ya Honda inatulutsa njinga yotchedwa CG125. Isanaitulutse, inatumiza akatswiri ake kumaiko a ku Asia kukaona mmene anthu wamba amagwiritsira ntchito njinga. Anakapeza kuti njinga imodzi imanyamula banja lonse ndi katundu, oyilo amasinthidwa mochedwa kwambiri, ndipo kwa makaniko imapita pokhapokha itaimiratu. Atabwerera kwawo anapanga injini yosavuta, yotsegula mavalavu ndi timitengo tachitsulo ta pushrod, yopirira oyilo wakuda, yokhala ndi sefa ya mpweya yochapika. Injini zambiri za njinga za ku China zimene zikuyenda ku Matero lero zinatengera kapangidwe ka CG125 yomweyo. N'chifukwa chake makaniko wa pansi pa mtengo amaitsegula osayang'ana buku, ndipo pisitoni, maring'i ndi gasiketi zake sizisowa.

Kukula kwa injini kumatsatira ntchito. Wopereka maphukusi pakati pa Matero, Emmasdale, Garden ndi m'tauni, 100cc kapena 125cc imamukwanira, ndipo petulo amapulumuka. Wonyamula matumba a unga kapena malasha, kapena wopita pafupipafupi ku Chongwe, ku Kafue ndi ku Chisamba, afunika 150cc. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zolembedwa m'buku lake. Injini yaing'ono yolemedwa tsiku ndi tsiku imatentha, imadya kilatchi, ndipo petulo amene inkayenera kupulumutsa amathera poikakamiza.

Pali tinthu tina timene wogula amatiphonya chifukwa maso ali pa utoto. Limu ya masipoko ikagunda dzenje imapindika, ndipo wokonza amaiwongola. Limu ya aloyi imaoneka bwino ndipo imalola tayala lopanda chubu, koma ikasweka pafunika kugula ina. Njinga yokhala ndi kiki pambali pa sitata yamagetsi imadzuka ngakhale batire litafa. Bokosi lotsekera tcheni chonse, limene achinyamata ena amachotsa kuti njinga ioneke yamakono, ndi lofunika zedi pa fumbi la kuno. Ndipo wokwera akakhala pampando, mapazi onse awiri azifika pansi, chifukwa m'matope a mu Januwale phazi ndilo limachirikiza njinga isanagwe.

Njinga yogula kwa munthu imafuna maso ena. Wogula afike m'mawa injini isanalizidwe, aikhudze ndi dzanja kutsimikiza kuti ndi yozizira, pakuti injini yakutha imabisa matenda ake ikatenthetsedwa kale. Ikalira, ayang'ane utsi. Utsi wabuluu pa injini ya four-stroke umatanthauza kuti oyilo akupsa, ndipo kawirikawiri maring'i atha. Utsi wakuda umatanthauza kuti petulo wachuluka kuposa mpweya, vuto la kabuleta kapena sefa yotsekeka, ndipo limenelo silidula kukonza. Kugogoda kochokera pansi pa injini ndi nkhani ya ndalama zambiri. Kenako aone ngati mafoloko akutsogolo akudontha oyilo, agwedeze gudumu lililonse chammbali kuti amve ngati mabering'i ali ndi mpata, ayang'ane ngati mano a sipuloketi asongoka n'kupendekera mbali imodzi. Pansi pa thanki ndi pansi pa mpando ndi pamene pamabisala zipsera za ngozi: felemu yowotchereredwa, kapena utoto watsopano pamalo amodzi okha. Makilomita a pa sipidomita asadaliridwe, chifukwa chingwe chake chimaduka kapena kuchotsedwa dala. Kulipira makaniko wodalirika kuti aperekeze wogula ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kutsegula injini mwezi wotsatira.

Injini ikakhala bwino, nkhani imatsala pa mapepala, ndipo apa mpamene munthu amatha kutaya njinga yonse. Nambala ya injini ndi ya chasisi, zodindidwa pachitsulo, zifanane chilembo ndi chilembo ndi zimene zili mu white book, chikalata cha umwini wa njinga. Dzina la mu white book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika (NRC) cha wogulitsa. Nambala yooneka kuti yapalidwa kapena kudindidwanso ndi chifukwa chokwanira chosiyira njingayo pomwepo, mtengo ukome bwanji. Njinga zina zimalowa m'dziko mozemba msonkho cha kumalire a Mwami kapena Nakonde, n'kumagulitsidwa motchipa popanda pepala lililonse. Yotereyo singalembetsedwe msonkho wa bungwe la misonkho la ZRA usanalipidwe, ndipo ikagwidwa pa rodibuloko, wolira ndi amene ali nayo tsiku limenelo. Ogulitsana alembe kalata ya mgwirizano pamaso pa mboni, apolisi atsimikize kuti njingayo si yobedwa, kenako umwini usinthidwe ku RTSA.

RTSA, bungwe loona za mayendedwe ndi chitetezo cha pamsewu limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act nambala 11 la 2002, ndilo limapereka nambala ya njinga, road tax, fitness ndi laisensi. Laisensi ya njinga ili pawiri: A1 ya injini yosapitirira 125cc, ndi A ya injini yokulirapo. Choncho woyendetsa Boxer ya 150 ali ndi A1 m'thumba sanakwaniritse lamulo, ndipo laisensi ya galimoto siilowa m'malo mwa ya njinga. Inshuwalansi ya third party ndi yokakamiza. Imalipira munthu wina amene wapwetekedwa, koma siibweza njinga yobedwa kapena yophwanyika. Amene njinga yake ndi ya bizinesi aiuze kampani ya inshuwalansi poyambirira pomwe, kuopa kuti tsiku la ngozi ingadzakane kulipira.

Kagulidwe nako kamasiyanitsa anthu. Njinga yogula ndi ndalama zosonkherana pagulu za chilimba imayamba ntchito popanda chiwongoladzanja pamsana. Yogula ndi kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chokwera, imagwirira ntchito wobwereketsa, ndipo ndalama ya oyilo ndiyo imayamba kudumphidwa. Palinso mgwirizano wakuti mwini njinga amaipereka kwa mnyamata amene amabweza ndalama yoikika sabata iliyonse mpaka njingayo itakhala yake. Mgwirizano wotere ulembedwe, ndipo unene momveka kuti wolipira sevisi, matayala ndi zowonongeka pa ngozi ndani. Zikapanda kulembedwa, aliyense amadikira mnzake, njinga n'kumayendera oyilo wa miyezi inayi.



Kwa amene ali nayo kale njinga, kasamalidwe kamayambira pa oyilo. Injini zazing'onozi zimaziziritsidwa ndi mphepo, zilibe radiyeta, ndipo zimasunga oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi basi. Lita imodziyo ili ndi ntchito zitatu nthawi imodzi: ikuteteza pisitoni ndi mabering'i, ikuzungulira m'magiya, ndipo kilatchi ikusambira momwemo. Pamzere wa magalimoto pa Lumumba masana a mu Okutobala, njinga itaima injini ikulira, mphepo yoziziritsa palibe, ndipo oyilo amatha mphamvu msanga. Buku la njinga limanena nthawi yosinthira, kawirikawiri pakati pa makilomita 3,000 ndi 5,000, koma manambala amenewo amayenerera misewu yopanda fumbi. M'fumbi ndi m'kuimaima kwa Lusaka n'kwanzeru kufupikitsa kufika pa makilomita 1,500 kapena 2,000. Wopereka katundu amene amayenda makilomita 100 patsiku amafika pamenepo m'masabata atatu okha. Kuwerenga miyezi kumanamiza. Mwini njinga awerenge makilomita ndi kuwalemba m'kabuku. Ngakhale injini yopirira ngati ya CG125 ili ndi malire ake.

Mtundu wa oyilo umalembedwa m'buku, nthawi zambiri 20W-50 kapena 10W-30, ndipo pabotolo pakhale chizindikiro cha JASO MA, chosonyeza kuti oyiloyo amagwirizana ndi kilatchi yonyowa. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala amene amachititsa kilatchi kuterera: injini imalira mokweza koma njinga osathamanga. Oyilo wopimidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu sadziwika kochokera, ndipo akhoza kukhala wakale wongosefedwa. M'mawa uliwonse, njinga itaima chowongoka pamalo osapendekeka, mwini wake aone mulingo pa dipisitiki. Njinga yatsopano ili ndi lamulo lake. Oyilo woyamba amachotsedwa msanga, pakati pa makilomita 500 ndi 1,000, chifukwa amatuluka ndi tizitsulo topalika pamene ziwalo zatsopano zikuzolowerana, ndipo pa nthawi imeneyi njinga isathamangitsidwe kapena kusenzetsedwa katundu wolemera. Yamaha DT125 ndi ya two-stroke. Ili ndi kathanki kena ka oyilo wa 2T amene amapsa pamodzi ndi petulo, ndipo kathankiko kakauma, pisitoni imagwira.

Chimene chimaipitsa oyilo msanga kuno ndi fumbi. Ntchito ya misewu ya L400, imene inayamba mu 2013, inaika phula m'misewu yambiri ya Lusaka, koma tinjira tambiri ta mkati mwa George, Chunga ndi Kanyama tikadali tadothi, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imaulutsa fumbi tsiku lonse. Injini imameza mpweya wochuluka zedi: kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya kuti ipse bwino. Fumbi lodutsa sefa limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala silinda ndi maring'i monga mchenga umakwechera mphika. Sefa ya siponji imachapidwa ndi parafini, kufinyidwa mosapotokola, kuumitsidwa, n'kudonthezedwa oyilo pang'ono kuti fumbi lizimatirira. Sefa ya pepala sichapidwa, imasinthidwa. Nyengo ya fumbi, sefa ionedwe sabata iliyonse. Kuyenda popanda sefa, kapena kuiboola poganiza kuti njinga ithamanga, kumatha injini m'miyezi yochepa.

Tcheni chimafuna mafuta ndi kulimba koyenera. Pakatikati pa masipuloketi awiri, chikakankhidwa ndi chala chizisuntha masentimita awiri kapena atatu. Chothina kwambiri chimadya bering'i ya pa giyabokosi ndipo chikhoza kuduka njinga ikagunda hampu itasenza. Cholendewera chimadumpha mano, ndipo chikavuka chimatha kutseka gudumu lakumbuyo njinga ili pa liwiro. Chipakidwe oyilo wa giya kapena wa tcheni pa makilomita 500 aliwonse, ndiponso nthawi iliyonse njinga ikadutsa m'madzi. Girizi wolimba amakoka mchenga. Chikatha, chisinthidwe pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, pakuti tcheni chatsopano pa mano akutha nacho chimatha msanga.

Mpweya wa m'matayala uyezedwe ndi geji m'mawa, matayala akadali ozizira. Pa njinga zambiri zazing'ono ndi pafupifupi 25 psi kutsogolo ndi 28 mpaka 32 kumbuyo, malinga ndi katundu. Tayala lochepa mpweya limadya petulo, limatsina chubu pa dzenje, ndipo limagwedeza njinga pokhota. Mabuleki a dramu amamangidwa ndi nati ya pa ndodo yake. Nati ikafika kumapeto ndiye kuti mashuzi atha, ndipo kuvekapo kachitsulo kuti buleki igwirebe ndi kuika moyo pachiswe. Buleki yakutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu zambiri zoimitsira njinga. Okwera ambiri amaiopa n'kumadalira yakumbuyo yokha, koma zoyenera ndi kugwira zonse ziwiri pamodzi, mofinya pang'onopang'ono, njinga ili chowongoka.

Pulagi imaulula za mkati mwa injini. Nsonga yofiirira pang'ono ndi chizindikiro chabwino, yakuda ndi mwaye ikusonyeza petulo wochuluka, ndipo yoyera mbuu ikusonyeza kuti injini ikutentha chifukwa petulo akuchepa kapena mpweya ukulowera pobowoka. Matapeti amayezedwa ndi makaniko pa sevisi, injini ili yozizira. Olira pang'ono si oopsa kwenikweni. Oopsa ndi othina kwambiri, amene samveka koma amawotcha valavu.

Mvula ikayamba mu Novembala mavuto amasintha. Mzinda wa Lusaka uli pamalo a miyala ya laimu, ndipo ku Kanyama ndi ku Chawama madzi apansi ali pafupi kwambiri moti mvula yamphamvu imasandutsa misewu madamu. Madzi amabisa maenje ndi ngalande zopanda chivundikiro. Injini ikamwa madzi kudzera m'sefa, pisitoni imalephera kuwapanikiza ndipo ndodo yake imapindika. Choncho njinga ikazimira m'madzi akuya isalizidwe. Ikankhidwe kufika pouma, pulagi ichotsedwe, kiki ipondedwe kangapo kuti madzi atuluke, sefa iumitsidwe, kabuleta ikhuthulidwe pa kasikuluwu kake kapansi. Oyilo akaoneka wotuwa ndiye kuti madzi alowamo, ndipo asinthidwe tsiku lomwelo. Mabuleki a dramu akanyowa sagwira kwa kanthawi. Wokwera awapondeponde mofatsa akatuluka m'madzi mpaka atauma. Petulo wa m'zigubu naye amabweretsa madzi ndi zinyalala m'kabuleta, pamene wa pa filing'i sitesheni ndi wosefedwa ndipo mtengo wake ndi umene bungwe loona za mafuta ndi magetsi la ERB lalengeza.

Phindu la kasamalidwe kotere linaoneka pa ntchito ya bungwe la Riders for Health, limene layang'anirapo njinga za azaumoyo ku Lesotho, ku Gambia, ku Zimbabwe ndi kuno ku Zambia. Wokwera aliyense ankaphunzitsidwa kuona petulo, mafuta, tcheni ndi zingwe, manati ndi mabawuti, mabuleki ndi matayala m'mawa asananyamuke, ndipo makaniko ankasintha ziwalo pa makilomita oikika zisanathyoke. Njinga zoyenda m'misewu yoipa kuposa ya ku Matero zinkagwira ntchito zaka zambiri motero. Kuyendera njinga mwanjira imeneyi kumatenga mphindi zisanu. Manati ndiwo amaiwalika kwambiri: injini ya silinda imodzi imanjenjemera, ndipo mahampu amamasula manati a ekizosi, a keriya ndi a magudumu pang'onopang'ono. Pogula masipeya, galasi loonera kumbuyo kapena chivundikiro cha indiketa zikhoza kukhala zotchipa, koma mashuzi a buleki, matayala ndi tcheni si pochepetsera ndalama.

Helimeti ndi ya lamulo kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe. Kafukufuku amene bungwe la WHO lakhala likutchula amasonyeza kuti helimeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 pa 100, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100. Kuvala bwino ndiko kumanga lamba wa pachibwano, pakuti yosamanga imauluka mutu usanafike pansi. Chipewa cha pa ntchito zomangamanga si helimeti. Yabwino imakhala ndi chizindikiro cha ECE 22.05, ECE 22.06 kapena DOT, ndipo imene yagundapo pansi pa ngozi isavalidwenso ngakhale kunja ikuoneka bwino, chifukwa chotetezera chamkati chimaphwanyika kamodzi kokha. Nsapato zotseka, magolovesi, jekete yonyezimira ndi nyali yoyaka ngakhale masana zimathandiza kwambiri. Malo oopsa kuposa onse pamsewu wa m'tauni ndi kampata ka kumanzere kwa minibasi, imene imapatuka mwadzidzidzi kukanyamula munthu, ndi ka pambali pa lole imene ikukhota.

Usiku njinga igone m'nyumba kapena mumpanda wokhoma. Loko wa mahandulo yekha amathyoledwa m'kamphindi, ndipo njinga ya makilogalamu pafupifupi 120 anthu awiri kapena atatu amainyamula n'kuiika m'galimoto. Tcheni cholimba chodutsa m'felemu n'kumangidwa ku chitsulo chozikika pansi chimachedwetsa wakuba kuposa chodutsa m'gudumu lokha. Ena amaika swichi yobisika yodula moto, ena kachipangizo ka GPS kolumikizidwa ku foni. Kameneka kamakoka moto wa batire pang'onopang'ono, choncho njinga yokhala masiku osayenda izilizidwa. White book yeniyeni isungidwe kunyumba, isamakhale pansi pa mpando. Nambala ya injini ndi ya chasisi zilembedwe penapake ndi kujambulidwa pafoni, chifukwa wakuba amachotsa nambalapuleti usiku womwewo, ndipo pokadandaula ku Matero Police Station manambala awiriwo ndiwo angathandize apolisi kuizindikira njingayo ikapezeka.